ZAKUDYA ZA MAKOLO KU MIGODI NDI NCHITO YA MPHUNZITSI WA KUMUDZI

(Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi)

 Nkhani imene ndapemphedwa kukamba ndi ya zakudya za m'mizinda ya Kitwe ndi Ndola. Kapena wina afunsa mumtima mwace kuti, "Ife tiphunzitsa kumidzi, kutali ndi migodi, nanga za mphika wa ku Kitwe zitikhudza bwanji?" Zitikhudza pawiri. Coyamba, ana ambiri amene akhala patsogolo pathu lero adzakhala anthu a m'tauni mawa, ndipo adzatenga maganizo amene tawapatsa. Caciwiri, ndiwo zambiri zogulitsidwa pa misika ya kumeneko zicokera m'minda, m'madambo ndi m'nkhalango za kumidzi, ndipo ozilima ndi ozitola ndiwo makolo a ana athu. Tsono mau anga ndi awa: cakudya ca makolo cimene anthu a m'tauni ayamba kucifunanso, mizu yace iri kumudzi, ndipo mphunzitsi ali mmodzi wa alonda ace.

M'MENE CIMANGA CINALOWERA UFUMU

Dziko limene lero lichedwa Copperbelt ndi la Alamba. Clement Doke, amene anagwira nchito pa mishoni ya Kafulafuta ndi kutulutsa buku la miyambo yao m'caka ca 1931, anapeza anthu amene nsima yao yeniyeni inali ya mapira. Analinso ndi maungu, mbatata, mtedza ndi cimanga pang'ono, ndipo nkhalango inali kuwapatsa uci, bowa, zipatso ndi nyama.

Njanji inafika ku dera la Ndola mu 1909. Pambuyo pace migodi yaikulu inayamba kutulutsa mkuwa: Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa mu 1936. Amuna anasonkhana kucokera ku Lubemba, ku Luapula, kuno kum'mawa, ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Wina analeredwa ndi mawere, wina cinangwa, wina mapira, koma onsewo kampani inali kuwapatsa phoso limodzi: ufa wa cimanga, nyemba, mtedza, mcere ndi nyama pang'ono. Cimanga cinasankhidwa pakuti cinali capafupi kugula ku mafamu a m'mbali mwa njanji, kucigaya ndi kucisunga m'matumba. Pamene phoso linalekeka m'zaka za m'ma 1950, nalowa m'malo mwace malipiro a ndalama, lilime linali litazolowera kale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linathandizira mtengo wa fetereza ndi wa ufa, ndipo bungwe la NAMBOARD linali kugula cimanga ngakhale m'midzi yakutali. Colinga cinali cabwino, cakuti anthu a m'tauni adye mosabvuta. Koma cotsatira cace cinali cakuti mlimi anaona ndalama m'cimanga cokha, ndipo mapira, mawere ndi nzama zinayamba kuyesedwa zakudya za anthu otsalira.

MTENGO WA KUTSAMIRA MBEU IMODZI

Nyumba yoimira pa mzati umodzi igwa tsiku limene ciswe cilowa mumzatiwo. Mu December 1986 boma linacotsa thandizo lace pa ufa woyera umene achula breakfast, ndipo mtengo unakwera kuposa kawiri. Anthu a ku Kitwe, ku Ndola ndi m'mizinda yoyandikana anacita cipolowe, masitolo anathyoledwa, ndipo anthu osacepera 15 anafa. Patapita masiku owerengeka Pulezidenti Kaunda anabweza mtengo wakale. Taonani, thumba la ufa linagwedeza dziko lonse.

Pofika m'caka ca 2000 migodi ya ZCCM inali itagulitsidwa, ndipo anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Amuna amene anadziwa nyundo ya pansi pa nthaka anagwira khasu atakula kale. Amene anasunga nzeru za kwao anapulumutsa mabanja ao. Amene anaziiwala anabvutika koposa.

Mu 2024 kunagwa cirala, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga, pafupi 1 miliyoni anapserera. Ngakhale ku Migodi kumagwa mvula yambiri kuposa kum'mwera, mtengo wa ufa unawapeza komweko. Cakudza sicimba ng'oma.

Palinso njala yina yosapfuula. Kafukufuku wa za umoyo wa m'dziko lonse wa caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 ali onse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Kawirikawiri mwana wotere sagona ndi njala. Amakhuta nsima, koma ndiwo zace ndi zocepa ndi zamtundu umodzi. Inu mumdziwa mwana ameneyu, pakuti ndiye amene aodzera m'kalasi nthawi ya m'mawa, nacedwa kugwira masamu.

ZIMENE ANTHU A KU KITWE NDI NDOLA ACITA

Oyamba kuchulidwa akhale amai. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pamene kampani ya Roan Antelope inagawira mabanja a anchito timinda, akazi ndiwo anasunga mphika wa kwao m'komponi. Anabwera ndi mbeu zomangidwa pa nsonga ya nsaru, nabzala kuseri kwa nyumba, naphunzitsana maphikidwe pa mpopi wa madzi, Mbemba ndi Mcewa, Mlamba ndi Mnsenga. Mipingo nayo inathandiza: mu 1958 ku Mindolo, m'Kitwe momwemo, kunatsegulidwa sukulu ya amai, kumene anaphunzira za pakhomo ndi za kaleredwe ka ana.

Mdzukulu wa mai wa m'komponi uja ndiye mai wa pamsika wa lero. Yendani pa Chisokone ku Kitwe kapena pa Masala ku Ndola, mudzapeza ndiwo zanu zomwe, zitangobvala maina a Cibemba: mkhwani ndiwo chibwabwa, kholowa ndiye kalembula, cigwada ndico katapa, bonongwe ndiye bondwe, ndipo ndiwo zotendera ndi nsinjiro ndizo ifisashi. Mudzapeza impwa, limanda, therere, bowa wouma, kapenta wa ku Mpulungu, masuku pa nyengo yace, ndi cikanda codulidwa mapisi. Ophunzira a ku Copperbelt University ndi anzao a ku Cape Town, pofufuza za umphawi ndi cakudya m'Kitwe, anaona kuti mabanja osauka adalira misika yotere ndi tinthemba ta m'makomboni koposa masitolo akulu. Mai wogulitsa mulu wa ndiwo wa ndalama zocepa ndiye nkhokwe ya mzinda.

Aciwiri ndiwo alimi a m'tauni. Kale makhonsolo anali kuchecha cimanga ca m'mizinda, ati cibisa mbala ndi udzudzu. Koma ca m'ma 2008 khonsolo ya Ndola inakhala pansi ndi alimi, anchito a boma ndi bungwe la RUAF, nakonza dongosolo lobvomereza ulimi wa m'tauni monga nchito yoyenera ulemu. Pakati pa 2015 ndi 2018 Kitwe inali mmodzi wa mizinda yocepa ya pa dziko lapansi imene bungwe la FAO linagwira nayo nchito yolondola njira ya cakudya, kuyambira ku munda wa kunja kwa mzinda kufikira pa mbale.

Ku Lusaka, Mai Sylvia Banda a Sylva Food Solutions anaphunzitsa alimi a m'midzi kuumitsa ndiwo za makolo mwaukhondo m'mabokosi otenthedwa ndi dzuwa, nazigula, naziika m'mapaketi. Potero mfutso, umene ena anali kuucitira manyazi, unalowa m'masitolo ndi m'mahotela. Ndipo mu 2021 boma linatulutsa malangizo a kadyedwe a magulu 6 a zakudya, olimbikitsa zimene zipezeka kwathu konkuno.

Koma dimba la m'tauni liri ndi adani ace. Malo ndi ocepa, ndipo madzi ndi nthaka ya pafupi ndi migodi siziri zodalirika nthawi zonse. Mu February 2025 damu la zonyansa za mgodi wina wa pafupi ndi Chambishi linaphulika, madzi a asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'mbali mwa mtsinje zinapsa, ndipo mipopi ya Kitwe inatsekedwa kwa masiku. Cifukwa cace mzinda sungadzidyetse wokha. Maso ace ali kumudzi.

MIZU IRI KUMUDZI

Pano ndifuna ticedwepo, pakuti pali ngozi imene ambiri saiona. Pamene anthu a m'tauni akonda cakudya ca makolo, mtengo wace ukwera. Mtengo ukakwera, otola aculuka. Otola akaculuka popanda mwambo, cinthuco cimatha. Tione zitsanzo zinai.

Cikanda, cimene ena a ife ticha cinaka, cipangidwa ndi timizu tonga mbatata ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri. Timizuto tisinjidwa, tiphikidwa ndi nsinjiro, cidulo, mcere ndi tsabola, kufikira ziuma ngati mkate. Kale cinali ndiwo ya kumidzi ya kumpoto. Lero cigulitsidwa m'mizinda yonse ndi pa maukwati a anthu olemera. Koma kukumba kamuzu ndiko kupha comera conse. Madambo ambiri a m'Zambia atatha, amalonda anaoloka malire, ndipo ofufuza anawerenga mu 2003 kuti timizu toposa 2 miliyoni tinali kulowa caka ndi caka kucokera ku mapiri a kum'mwera kwa Tanzania. Cimodzi ca zifukwa zimene boma la Tanzania linachingira phiri la Kitulo mu 2005 cinali kupulumutsa maluwa amenewa. Kuyambira mu 2016 Copperbelt University ndi akatswiri a zomera a ku Kew, ku London, anagwirizana kufufuza mitundu imene ikugulitsidwa ndi kuyesa kuimeretsa, kuti tsiku lina cikanda cidzalimidwe m'malo mwa kufwambidwa.

Munkoyo ndi cakumwa ca ku Migodi, mbale wace wa thobwa lathu. Ife tithira cimera m'phala. Iwo asinja muzu wa munkoyo, nauika m'phala lofunda, ndipo mphamvu ya m'muzuwo isungunula phala lija ndi kulitsekemeretsa. Akasefa, alisiya m'cipanda tsiku limodzi kapena awiri kuti liwawase pang'ono. Ndi cakumwa cabwino kwa mlimi ndi kwa mwana wa sukulu, coposa madzi a shuga a m'mabotolo. Koma muzuwo ukumbidwa kuthengo, ndipo okumba ayenda mtunda wotalikirapo caka ndi caka.

Bowa nayenso ali ndi phunziro. Cikolowa, bowa womera pa zulu, ndiye wamkulu mwa bowa onse odyedwa pa dziko lapansi, pakuti cisoti cace cikhoza kufika pafupi mita imodzi m'mimba mwace. Anzeru za sayansi anampatsa dzina la Termitomyces titanicus mu 1980, pamene agogo athu anali atamdya zaka zosawerengeka. Ameneyu amlima ndi ciswe m'kati mwa culu. Tente ndi bowa wina wambiri akhalira pamodzi ndi mizu ya miombo ndi mitondo: mtengo udyetsa bowa, bowa athandiza mtengo kumwa za m'nthaka. Cifukwa cace simungamfese m'munda. Thumba liri lonse la makala lopita ku Ndola pa njinga litenga ndi bowa wa caka camawa.

Cacinai ndi mphalabungu ndi matondo, zimene Abemba acha ifishimu. Zikaumitsidwa ziri ndi cakudya comanga thupi cosacepera ca nyama. Zidya masamba anthete a mitondo, ndipo ziculuka mu November ndi December. Moto wa mocedwa, wa mu September ndi October, uocha masamba ndi mazira omwe. Ndipo munthu waulesi agwetsa mtengo wonse kuti atole za tsiku limodzi. Kwa Abisa a ku dera la Mpika mwambo unali wakuti mfumu ilengeze tsiku loyamba kutola ndi tsiku loleka, kuti zina zitsale zoikira mazira. Amenewo anali malamulo a kusunga cuma, ngakhale sanalembedwe m'buku. Mau a akulu akoma akagonera.

NCHITO YA MPHUNZITSI

Nanga ife ticitenji? Sindikupemphani ndalama kapena zipangizo zocokera kutali. Ndichula zinthu zisanu ndi cimodzi zimene sukulu iri yonse ikhoza kucita.

1. Buku la zakudya za kwanu. Tumani ana a makalasi apamwamba kwa agogo ao, akafunse dzina la ndiwo, cipatso, bowa kapena muzu uli wonse wodyedwa, mwezi umene cipezeka, malo ace, kaphikidwe kace, ndi mwambo wa katoledwe kace. Zilembedwe m'buku limodzi losungidwa pa sukulu, ndi tsamba louma lomatidwa pambali pa dzina. Nchito imeneyi ndi phunziro la cinenero, la sayansi ndi la za malo pamodzi. Musazengereze, pakuti nkhalamba imodzi ikaikidwa m'manda, maina makumi angapo apita nayo.

2. Dimba la sukulu. Kuyambira mu 1975, pamene Pulezidenti Kaunda analamula kuti sukulu zonse zikhale ndi nchito zotulutsa cakudya, madimba athu ambiri adzala ndi repu ndi kabici, zofuna mbeu yogula ndi mankhwala. Sindiziletsa, koma patulani theka la mabedi likhale la bonongwe, luni, limanda, citambe, mkhwani ndi kholowa, ndi mizere ingapo ya nzama, mapira ndi mawere. Zambiri za izi zipirira dzuwa, ndipo khobwe ndi nzama zibwezera conde m'nthaka. Koposa zonse, dimba lisakhale malo a cilango. Mwana amene alima cifukwa anacedwa kusukulu adzadana ndi khasu moyo wace wonse.

3. Nkhokwe ya mbeu. Sankhani zomera zamphamvu, muzisiye zikhwime, muumitse mbeu bwino, muzisanganize ndi phulusa, ndi kuzitsekera m'mitsuko kapena m'mabotolo olembedwa dzina ndi caka. Kholo lobwereka kapu imodzi libweze ziwiri litakolola. Zaka zitatu zisanathe sukulu idzakhala pothawira mudzi wonse.

4. Mfutso waukhondo. Ana aone ndi maso ao: masamba anthete atsukidwe, abviikidwe m'madzi owira kanthawi kocepa, ayanikidwe pa thandala, osati pansi pamene pali pfumbi, nkhuku ndi nchenche. Mthunzi wopita mphepo uposa dzuwa lamphamvu, pakuti dzuwa liononga mbali ya cakudya coteteza maso ndi khungu. Akauma asungidwe m'cikwatu ca masamba a msuku kapena mumtsuko wotseka. Aphunzirenso kutaya mtedza wa cuku, pakuti uli ndi ululu woononga ciwindi. Mfutso wotere udyetsa banja mu October, ndipo wotsala upeza msika ku tauni.

5. Mwambo wa kutola. Pitani kwa anyakwawa ndi kwa mfumu, pamodzi ndi komiti ya makolo, mukapangane za kuocha thengo msanga udzu usanaumitsitse, za kusagwetsa mitengo ya zipatso ndi ya matondo, ndi za kupumitsa mbali yina ya dambo caka cimodzi mwa ziwiri. Musapite monga odziwa zonse. Pitani monga ana okumbutsa akulu cuma cao. Ndipo cenjezani ana kolimba kuti asalawe bowa kapena muzu umene munthu wamkulu wodziwa sanaubvomereze, pakuti wina upha.

6. Citsanzo canu. Ici ndico cacikulu. Mwana akabwera ndi kamba wa cinangwa kapena mbatata, anzace a mabanzi namseka, mphunzitsi anene mau. Mphunzitsi akayamika buledi ndi kunyoza cigwada, ana amva, ngakhale buku linene zina. Kamodzi pa caka, itatha nyengo ya masika, konzani tsiku la zakudya za makolo: mai ali yense abwere ndi mphika umodzi, ana alembe maina, nkhalamba zifotokoze, ndipo mphunzitsi wamkulu ayambe kudya.

Ndidziwa kuti wina ati, "Nthawi tiipeza kuti? Ana 70 m'kalasi limodzi, mayeso ali pafupi, ndipo woyendera sukulu safunsa za bonongwe." Ndi zoona, katundu wanu ndi wolemera. Koma sindikuonjezerani phunziro latsopano. Ndikupemphani kuti zitsanzo za maphunziro amene muli nao kale zicokere pa khomo. Kuyeza bedi ndi masamu. Kuwerenga phindu la mulu wa ndiwo ndi masamu. Kulongosola kaphikidwe ka thobwa ndi cimangirizo. Ndipo mwana wodya bwino ndiye apambana mayeso amene mukuwaopawo.

Winanso ati, "Kodi tibwerere m'mbuyo?" Iai. Palibe amene akuti tileke cimanga, kapena titaye mbeu zatsopano zimene akatswiri atipatsa. Tikuti nkhokwe ikhale ndi zipinda zambiri, kuti cimodzi cikalephera cina citigwire dzanja. Anthu a ku Kitwe ndi Ndola, amene anatsogola kusiya zakudya izi, ndiwo lero azilipira ndalama zambiri. Kungakhale kupusa kuti ife titaye cimene iwo akucifunafuna.

Aphunzitsi anzanga, m'mera mpoyamba. Mtsikana wa m'kalasi lanu angadzakhale namwino ku Ndola, mnyamata angadzakhale wa makina ku Nkana, ndipo ambiri adzatsala pa mudzi ndi kudyetsa onsewo. Wopitayo apite akudziwa kuphikira ana ace ndiwo zopatsa thanzi ndi ndalama zocepa, wopanda manyazi ndi mphika wa amace. Wotsalayo atsale akudziwa kuti dambo, nkhalango ndi mbeu za agogo ndi cuma cofunika kucisunga, osati kucigulitsa conse m'caka cimodzi. Ndipempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira sukulu iri yonse idzabwere ndi buku lace la zakudya ndi botolo limodzi la mbeu, kuti tidzasinthane.